Anagogoda kanayi: kumvetsa mathero a nthano ya mwana wozunzidwa kusukulu

Mwana wa mlongo wanga, amene akukonzekera mayeso a MSCE, anandipeza ndili pakhonde ku Chinamwali tsiku lina patchuthi, buku lili m'manja, nkhope ili ndwii. "Amalume," anatero, "n'chifukwa chiyani mabuku a ana ozunzidwa kusukulu amathera poipa? Wolembayo ndiye mwini nkhani. Sakanangomupulumutsa?"

Ndinamuuza kuti awerengenso bukulo, koma ayambire kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo, ndipo ulendo uno asalabadire omuzunzawo. Awerenge anthu amene mwanayo anawafikira kuti amuthandize. Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti akwere phiri la Zomba chafutambuyo, koma anapita. Zimene ndikulemba pano ndi zomwe ndikanamufotokozera akanakhala pansi.

Ophunzira ambiri akafunsidwa chimene chinagwetsa mpangankhani wamkulu mu nthano yaitali yamtunduwu amayankha mzere umodzi, kuti anamugwetsa ndi anzake ankhanza. Yankholi si labodza, koma ndi theka chabe. Wankhanza amaonekera kale pa mutu woyamba, ndipo pofika kumapeto amakhala asanasinthe kwenikweni. Chimene chimasintha pakati pa tsamba loyamba ndi lomaliza ndi chiwerengero cha anthu amene mwanayo akukhulupirira kuti angamumvere. Chiwerengerochi chikafika pa ziro, nthano yatha, ngakhale masamba atatsala makumi awiri.

Kuti izi zimveke tiyambe ndi kusiyanitsa kuzunzana ndi ndewu wamba. Katswiri wa maganizo a anthu Dan Olweus, amene anayamba kufufuza nkhaniyi m'masukulu a ku Sweden ndi Norway m'zaka za m'ma 1970, anatchula zizindikiro zitatu. Wochitayo amachita dala, amachita mobwerezabwereza, ndipo mphamvu za awiriwo sizifanana. Anyamata awiri amsinkhu umodzi akamenyana pabwalo la mpira chifukwa cha chigoli, imeneyo ndi ndewu, mawa adyera mbale imodzi. Koma gulu la a Fomu 3 likamatuma mwana wa Fomu 1 usiku uliwonse kuti akawachapire masokosi, n'kumudyera kamba yemwe mayi ake anamulongedzera, kumeneko ndi kuja timakutcha kutiza, dzina lofewa la chinthu cholimba.

Chizindikiro chachitatucho ndicho msana wa nthano yonse. Ngati mphamvu sizifanana, ndiye kuti mwanayo sangadziwombole yekha. Akanatha, sikukanakhala kuzunzidwa. Choncho wolemba akangosankha mpangankhani wotere, wasankhiratu kuti mathero ali m'manja mwa anthu ena: mphunzitsi, kholo, mnzake wogona naye bedi loyandikana. Funso la nthano silikhalanso lakuti kodi mwanayu alimba mtima, koma lakuti kodi alipo amene abwere.

Tiyeni tiumbe nthano yathu kuti tione mmene zimayendera. Mnyamata wa kufupi ndi Jali wakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo wasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko. Ali ndi chibwibwi. Bambo ake anapita ku Joni ndipo foni yawo inasiya kugwira. Mayi ake amagulitsa matemba a ku Nyanja ya Chilwa, ndipo fizi ya teremu yoyamba yachokera m'lichero lomwelo ndi ngongole ya banki m'khonde. Sabata yoyamba, wina akutsekula chikwama chake n'kununkhiza, dzina n'kumata pomwepo: Matemba. Akaimirira kuti ayankhe funso m'kalasi, mzere wakumbuyo umayamba kumutsanzira chibwibwi mawu oyamba asanatuluke.

Chitseko choyamba chomwe akugogoda ndi cha pulifekiti wa hositelo. Yankho ndi lakuti, "Aise, tonse tinadutsamo. Chaka chamawa nawe udzatiza ako." Apa mwana waphunzira kuti zomwe zikumuchitikira si mlandu, ndi mwambo.

Chachiwiri ndi cha mphunzitsi woyang'anira ogonera. Bamboyu si woipa, ndipo wolemba waluso samujambula ngati chilombo. Ali ndi makalasi odzaza, mapepala oti achonge, ndi nyemba zofumbwa zimene ana akuopseza kuti anyanyala nazo. Akumva dandaulolo, n'kuitana onse awiri, wozunza ndi wozunzidwa, kuti agwirane chanza. Kenako pa asembule akulengeza kuti wina wadandaula, ndipo khalidweli lithe. Usiku womwewo mwana uja akumenyedwa kuposa kale, tsopano ngati kazitape. Chitseko ichi ndi choopsa kuposa chotsekeratu, chifukwa chinatsekuka pang'ono n'kumupana chala. Waphunzira kuti kunena kumawonjezera ululu.

Chachitatu ndi mayi ake, pa foni yobwereka kwa mlonda. Apa ndi pamene ndimafuna wowerenga achedwepo, chifukwa ndi pamene nthano zabwino zimapwetekera. Mwana akuyamba, "Amayi, kuno zinthu si..." chibwibwi n'kumugwira. Mayi, poopa kuti mayunitsi atha, akumulowa m'kamwa: "Limbikira mwanawe, ndiwe wekha amene tikukudalira. Ndalama ija ndinakongola. Mwamuna salira." Palibe chidani m'mawu amenewa. Ndi chikondi chenicheni cha mayi wotopa. Koma chimene mwana wamva n'chakuti mavuto ake ndi katundu wina pamutu pa munthu amene wasenza kale zambiri. Akuti, "Chabwino amayi," n'kubweza foni.

Chachinayi ndi mnzake wa kwawo, amene anakwera naye minibasi imodzi tsiku lotsekulira. Uyu wazindikira kuti kuyenda ndi Matemba kukumununkhitsa nayenso, ndipo tsiku lina m'holo yodyera akusuntha mbale yake kupita patebulo lina. Sananene kanthu. Olemba ena amapatsa zimenezi mizere iwiri yokha, ndipo owerenga othamangira mayeso amazidumpha, chonsecho ndi apa pomwe denga lagwera.

Zikatere mwana amakhala chete, ndipo akuluakulu onse m'nthanomo amaona ngati vuto latha. Sakudandaulanso, sakuliranso, amachapa masokosi osatumidwa kawiri. Mu 1967, Martin Seligman ndi Steven Maier, ku University of Pennsylvania, anaonetsa zofanana ndi izi pa agalu. Agalu amene ankamva ululu womwe sakanatha kuuthawa, pambuyo pake ataikidwa pamalo pomwe akanangodumpha kampanda kakafupi n'kupulumuka, ambiri anangogona pansi n'kumalira. Anali ataphunzira kuti chilichonse chomwe angachite sichisintha kanthu. Munthu si galu, ndipo sindikufuna kukoka fanizoli mpaka liduke. Koma limatithandiza kuyankha funso lomwe owerenga amakonda kufunsa mokwiya: bwanji pa mutu wachisanu ndi chinayi, pamene mphunzitsi wina wachifundo anamufunsa kuti "Uli bwino?", mwanayo anangoti "Eya"? Chifukwa chake n'chakuti thandizolo labwera atasiya kale kukhulupirira zitseko. Funso limodzi lofunsidwa poyenda silifafaniza maphunziro anayi aja.

Katswiri wina wa ku America, Thomas Joiner, mu 2005 anafotokoza maganizo awiri amene akakumana mwa munthu amamufikitsa pofuna kutaya moyo wake. Loyamba ndi lakuti ndilibe anthu anga, lachiwiri ndi lakuti ndine mtolo kwa amene amandikonda. Taonani kuti wozunza yekha sangabzale onse awiriwa. Angathe kukuchotsa pagulu, koma ganizo lakuti ndine mtolo limamera kunyumba, pa foni ija ya mlonda. N'chifukwa chake nthano imene mwana ali ndi agogo kapena azakhali omumvetsera kawirikawiri siithera kumanda, ngakhale nkhanza za kusukulu zitakhala zoopsa motani. Ali ndi kothawira, ngakhale kukhale kwa patchuthi pokha.

Pali gulu lina lomwe ophunzira saliwerengera n'komwe akamatchula apangankhani, chifukwa lilibe dzina. Ndi kalasi yonse. Mu 1996, Christina Salmivalli wa ku Finland ndi anzake anaonetsa kuti pa kuzunzana pafupifupi mwana aliyense m'kalasi amakhala ndi mbali yake. Pali othandizira wozunza, pali ochemerera ndi oseka, pali odziika patali ngati sizikuwakhudza, ndipo pali ochepa oikira kumbuyo wozunzidwayo. Wozunza amadya kuseka kwa anthu. Popanda mzere wakumbuyo uja, kutsanzira chibwibwi kulibe phindu. Ofufuza a ku Canada amene anajambula ana akusewera m'mabwalo a sukulu ku Toronto anapeza kuti mwana wina akalowererapo, nthawi zoposa theka nkhanzazo zinkatha pasanathe masekondi khumi. Masekondi khumi okha. Wolemba akamatiuza kuti "kalasi yonse inaseka", kapena kuti "onse anayang'ana m'makope mwawo", sakungodzaza tsamba. Akutionetsa anthu makumi asanu ndi limodzi amene aliyense anali ndi masekondi khumi m'thumba, n'kuwasunga.

Ndipo owerengafe timakhala pamzere womwewo. Ichi ndicho chimandisowetsa mtendere ndi mabuku amenewa, komanso ndicho ndimawakondera. Ukamawerenga umadziwa zonse, umamva zomwe zili mumtima mwa mwanayo, koma sungatambasule dzanja. Wolemba wakusandutsa woonerera mwadala. Ine ndinagonako m'hositelo, ndipo ndikukumbukira bwino mnyamata wina amene tinkamuseka chifukwa chokodza pogona. Sindinamumenyepo. Sindinamuyankhulenso. Teremu yachitatu sanabwere, ndipo matiresi ake anakhala pakona mpaka wina anawatenga.

Tsono mathero enieniwo. Anthu akamva za nthano ya mwana wozunzidwa amangoganiza za imfa, koma kusowa thandizo kuli ndi njira zingapo zomalizira nkhani, ndipo imfa si imene imachitika kawirikawiri m'moyo weniweni. Mwana angathe kungosowa, ngati mnzathu wa matiresi uja. Wabwerera ku Jali, wayamba kupalasa kabaza kapena kupita ku Kachulu kukathandiza asodzi, ndipo m'kaundula wa sukulu alemba kuti anasiya chifukwa chosowa fizi. Mtsikana angathe kuvomera banja ali ndi zaka 16, ngakhale kuti malamulo a dziko lino, chisinthireni Konsitityushoni mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Pamudzi adzati anali wopanda nzeru za sukulu. Mathero otere ndi achete, alibe maliro, ndipo wolemba amafunika luso lalikulu kuti wowerenga amve kuti apa patayika moyo ngakhale palibe bokosi.

Mwana angathenso kubwezera. Tsiku lina watola mwala kapena chitsulo cha bedi, wavulaza womuzunza, ndipo akuluakulu onse aja amene analibe nthawi tsopano aipeza. Komiti ya chilango yakhala pansi tsiku lomwelo, makolo aitanidwa, apolisi abwera. Chipongwe cha mathero amenewa n'chakuti sukulu imaonetsa kuti mphamvu inali nazo kuyambira kale, inkangodikira mlandu womwe ikuudziwa dzina.

Koma mathero amene ine ndimawaona kuti ndi athuathu, ndiponso oopsa kuposa onse, ndi aja mwana amapirira. Wafika Fomu 3. Ana atsopano afika ndi zikwama zawo, ndipo pa tsamba lomaliza tikumuona iye akutsekula chikwama cha wina n'kununkhiza. Ulosi wa pulifekiti uja wakwaniritsidwa. Palibe wafa, mayeso akhoza, mwina adzafika mpaka kuyunivesite ku Chirunga kukaphunzira zamalamulo, komabe nthanoyo ndi yachisoni chodzaza, chifukwa chokhacho chimene sukulu inamupatsa m'malo mwa thandizo ndi lonjezo lakuti nthawi yake yozunza idzakwana.

Pa imfa ndiyenera kuchedwapo, chifukwa apa wolemba amagwira mpeni wakuthwa konsekonse. Nkhaniyi si yongopeka. Ku Norway, kumapeto kwa 1982, anyamata atatu azaka za pakati pa 10 ndi 14 anadzipha atazunzidwa kwambiri ndi anzawo, ndipo izi zinachititsa boma la dzikolo kuyambitsa ntchito yolimbana ndi khalidweli m'masukulu onse mu 1983. Choncho wolemba ali ndi ufulu wonse wofikitsa nthano yake pamenepo. Vuto ndi kafikitsidwe kake.

Mu 1774, Goethe wa ku Germany anatulutsa buku lonena za mnyamata wotchedwa Werther amene anadzipha chifukwa cha chikondi chosatheka. Kunamveka mbiri yakuti anyamata ena ayamba kumutsanzira, moti m'mizinda ina bukulo linaletsedwa. Patapita zaka 200, mu 1974, David Phillips anagwiritsa ntchito dzina la Werther potchula zomwe anapeza, kuti nkhani za kudzipha zikafalitsidwa kwambiri m'manyuzipepala, chiwerengero cha odzipha chimakwera kwa kanthawi. Wowerenga nthano ya mwana wozunzidwa nthawi zambiri si ine wa imvi. Ndi mwana wa zaka 15 amene mwina akuwerengera m'hositelo momwemo, tochi ili m'bulangete.

N'chifukwa chake ndimadana ndi mathero a maliro okoma. Mukuwadziwa: mwana wafa, wasiya kalata, kalatayo ikuwerengedwa pamanda, wozunza akugwada n'kulira, ahedi akuvomereza kulakwa, mayi akudziguguda pachifuwa, kwaya ikuimba. Zimaoneka ngati chilungamo, ndipo wowerenga amatseka buku mtima utatsika. Koma taganizirani chimene mwana wa tochi uja wamva. Wamva kuti njira yoti anthu akumvere ilipo imodzi, ndipo imagwira ntchito. Limeneli ndi bodza, ndipo ndi bodza lakupha. Wakufa saona misozi ya omuzunza. Pamaliro enieni anthu amakangana za ndalama ya bokosi, ena amanong'ona za ufiti, sukulu imatumiza nthumwi ndi envelopu, ndipo Lolemba belu limalira nthawi yake. Wolemba woona mtima akasankha imfa amaonetsa kuti sinakonze kalikonse, safotokoza njira yomwe mwanayo anatsata, ndipo amasiya wowerenga akuona poyera malo onse amene nkhaniyi ikanakhotera kwina.

Mbali inayo ilinso ndi dzina. Mu 2010, ofufuza a ku Vienna motsogozedwa ndi Thomas Niederkrotenthaler anapeza kuti nkhani zosimba za anthu amene anafika pamapeto koma n'kupeza njira yopitirira ndi moyo zimayendera limodzi ndi kutsika kwa chiwerengero cha odzipha. Anazitcha dzina la Papageno, mpangankhani wa m'sewero la nyimbo la Mozart la mu 1791, amene atataya mtima anyamata atatu anamufikira n'kumukumbutsa kuti njira ina ilipo.

Apa mwana wa mlongo wanga akanati, ndiye bwanji osangomupulumutsa? Chifukwa chipulumutso chongogwa kumwamba nachonso ndi bodza. Mlendo wolemera wotulukira pa mutu womaliza, kapena mwana wachibwibwi amene mwadzidzidzi wapambana mpikisano wa mtsutso aliyense n'kumunyamula m'mwamba, zimauza wozunzidwa kuti adikire chozizwitsa kapena akhale katswiri kaye kuti ayenere kuchitiridwa ngati munthu. Thandizo lokhulupirika ndi laling'ono ndipo limabwera mobwerezabwereza, monga momwe nkhanzazo zimabwerera. Emmy Werner anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pa chilumba cha Kauai ku Hawaii kwa zaka zambiri. Mwa amene anabadwira m'mavuto aakulu, mmodzi mwa atatu alionse anakula bwinobwino, ndipo chimodzi mwa zomwe ambiri a iwo anali nacho ndi munthu wamkulu mmodzi amene ankawasamala mosalekeza, kaya agogo, mphunzitsi kapena woyandikana naye nyumba. Mu nthano yathu munthu ameneyu akhoza kukhala mlonda wa foni uja. Anamva zonse zomwe mwana analephera kunena. Wolemba angathe kumuchititsa kuti mawa lake amuitane kudzaotha moto, mkuja amufunsenso, mpaka tsiku lachisanu mwana ayankhule. Kapena angathe kumusiya alandire foni yake n'kuona mayunitsi otsala. Mathero onse awiri amabadwira pa kamphindi kameneko.

Wolemba amene akuika nthano yake ku Zomba ali ndi vuto lina lomwe ndimafuna atalilimba mtima. Mzinda uno si wosowa zitseko. Bungwe la YONECO, limene limayendetsa nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, likulu lake lili konkuno. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. M'masukulu ambiri muli magulu a amayi oyang'anira atsikana. Lamulo loteteza ana lilipo chiyambire 2010. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili mumzinda womwe uno. Nthano yonamizira kuti zonsezi kulibe ndi yaulesi. Yabwino imaonetsa mtunda umene uli pakati pa mwana ndi zitsekozo. Nambala yaulere imafuna foni, ndipo m'masukulu ambiri ogonera foni ndi yoletsedwa. Magulu a amayi amayang'ana atsikana, mnyamata alibe pogwira. Ndipo dzina lakuti Zomba lenilenilo, m'kamwa mwa Amalawi ambiri, ndi nthabwala: munthu akachita zachilendo amati "uyu ngofunika ku Zomba". Mwana amene akutchedwa kale Matemba sangafune dzina lachiwiri lakuti wa ku Mental. Thandizo likhoza kukhala pamtunda woyenda wapansi, koma manyazi n'kulisandutsa ulendo wa ku Chitipa. Lipoti la UNESCO la mu 2019 linati padziko lonse pafupifupi wophunzira mmodzi mwa atatu alionse amakhala atazunzidwa ndi anzake m'mwezi wapitawo, ndipo kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara ndi pafupifupi theka. Pa gulu lalikulu chotere, ochepa okha ndi amene amafika pa zitseko za maofesi. Ambiri amagogoda zapafupi, zinayi zija.

Mwana wa mlongo wanga anabweranso patapita masiku atatu, buku litapindidwa makona. "Amalume, ndapeza asanu," anatero. "Wachisanu ndi mtsikana uja amakhala naye desiki imodzi. Anamuona akulira, anamupatsa cholembera, basi." Ndinamufunsa ngati cholemberacho chinali thandizo kapena ayi. Anaganiza kwa nthawi, n'kunena kuti chikanakhala thandizo akanabwereza mawa lake.

Anakhala chete akuyang'ana njinga zodutsa mumsewu wa ku Liwonde. Kenako anafunsa ngati 116 ija imafuna mayunitsi. Ndinati ayi, ndi yaulere. "Si ya ine," anafulumira kunena. "Kuli wina wa Fomu 1, amadyera kuseri kwa hositelo." Ndinamufunsa kuti amadziwa bwanji. Anati zenera la bedi lake limayang'ana komweko, ndipo wakhala akumuona kuyambira teremu yoyamba.